Mfumu ya ku Jeremani ndi Dimba la Mayi Anga

Ine ndinabereka mwana mmodzi yekha, wamwamuna. Kwathu kuno kufupi ndi Lobi, mwana wamwamuna amakula n'kukamanga kwa mkazi wake, ndipo ana ake amakhala a kumeneko. Wangayu ndiye anachita kunyanya. Anzake amakwatira tsidya la mtsinje, iye anapita kusukulu ku Jeremani n'kukwatira komweko. Anabereka mwana wamkazi, ndipo mdzukulu wanga ndi yekhayo.

Ndinali ndi dimba kumunsi kwa mudzi limene anandisiyira mayi anga, iwonso atasiyiridwa ndi mayi awo. Madzi sauma m'menemo ngakhale mu Okutobala. Mawondo atayamba kundikana, achimwene anga, amene ndi mwini mbumba yathu, anayamba kunena kuti dimbalo lipite kwa mwana wamkazi wa mng'ono wanga. Mwambo ndi womwewo, sindikutsutsa. Koma ine mtima unali pa mdzukulu wanga. Ndinkafuna kuti mizere ingapo ya kumtunda ikhale yake, kuti tsiku lina akadzatopa ndi chisanu cha kumeneko adzakhale ndi poponda kuno. Ndikayamba nkhaniyi, achimwene ankangokanda kumutu n'kufunsa ngati ndapopera kale mbatata.

Chaka china m'nyengo yozizira mwana wanga anabwera kudzacheza ndi mkazi wake ndi mwana, pamodzi ndi asewere anga, bambo a mkaziyo. Asanabwere anandiuza pa foni, uku akuseka, kuti ndikonzeke chifukwa nkhalambayo ilibe nkhani ina koma ya makolo ake, ndipo akuti banja lawo limakhudzana ndi mfumu ina yakalekale. Iye ankaseka, ine ndinali nditayamba kale kuluka nzeru. Achimwene akangomva za ufumu makutu amaimirira. Ndinati akadzamva kuti mwanayu ndi wa magazi achifumu, adzafuna okha kumumangirira kwathu ndi kamunda.

Asewere anali munthu wamtali, wowonda, wovala kabudula pamene ife tinali titadzikuta majuzi ndi zitenje. Tsiku lachitatu kapena lachinayi ndinaitana achimwene. Unali masana, ndipo pabwalo ndinali nditayanika pamphasa mbatata ya kachewere imene ndinkasankha. Amuna anakhala pamipando, ine ndi mpongozi wanga pansi. Mdzukulu anali kuseri kwa nyumba ndi anzake, akuphunzira kuponya ajawo.

"Auze afotokoze za makolo awo, amalume ako amve," ndinatero kwa mwana wanga, popeza ndiye ankatanthauzira.

Asewere nkhope inawala. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anatsika pampando n'kugwada pamphasa yanga. Anakankhira mbatata mbali imodzi, nasankha yaikulu kwambiri n'kuiika kumutu kwa mphasa. Iyi, anatero mwana wanga, ndi munthu amene anamanga nyumba ya miyala pamwamba pa phiri, zaka pafupifupi chikwi zapitazo. Pansi pake anaika ina, mwana wake wamwamuna, pansi pake inanso. Zonse zikuluzikulu. Ine ndinafunsa ngati kumeneko anthu ankabadwa popanda akazi. Asewere anaseka, natola timbatata tating'ono, tija timasiyira mbewu, n'kutiika m'mbali mwa zazikuluzo. Koma kakangobereka mwana wamwamuna ankakakankhira kunja kwa mphasa ndi chala. Ndinaona achimwene akutsata ndi maso timbatata tikugubuduzikira m'fumbi.

Kenako anasankha ina imene inali ndi bala la khasu n'kuiika payokha kumbali. Imeneyo ndiyo inali mfumu ija. Akuti dzikolo linali kale ndi mfumu, koma inayambana ndi Papa, ndiye akuluakulu ena anasonkhana n'kusankha ina.

"Yoyambayo inali itamwalira?" anafunsa achimwene.

"Ayi, amalume, inalipo."

"Ndiye anaichotsa?"

"Ena ankati taichotsa, ena ankati ayi."

"Nanga anthu akalakwirana ankapita kwa iti?"

Asewere anangotukula mapewa. Anati mafumu awiriwo anamenyana, ndipo pankhondo yomaliza asilikali a yachiwiriyo ndiwo anapambana, koma iyo inadulidwa dzanja lamanja n'kufa. Linali dzanja lomwelo limene inalumbirira kale kuti idzamvera mfumu yoyamba ija. Ine ndinakulira m'tchalitchi cha ku Kabwazi, ndiye ndinafunsa kuti Papa anali mbali iti. Akuti poyamba sanali mbali iliyonse, kenako anali mbali ya yachiwiriyo. Tsono munthu Papa ali mbali yake, asilikali ake apambana, iye wafa, ufumu watsala kwa wokanidwa uja. Mutu wanga unayamba kuzungulira, koma ndinangoti mwina kumeneko ndi mmene amachitira.

Achimwene anafuna kudziwa chinthu chimodzi, kuti mfumuyo ndi ndani wawo asewere. Nkhalamba inatola kambatata kamodzi m'fumbi muja n'kukaika pakati pa mfumu ndi mzere wawo. Inati mkazi wina wa kwa mfumuyo anakwatiwa m'banja lawo. Mwina anali mlongo wake, mwina mwana wake, anthu ophunzira akhala akukangana mpaka lero, ndipo ngakhale agogo ake a mfumuyo sagwirizana kuti anali ndani. Kenako inagwedeza dzanja ngati ikuingitsa ntchentche, n'kunena kuti koma zimenezo si zofunika kwenikweni, popeza ndi za kuchikazi.

Achimwene anatsala pang'ono kugwa pampando.

"Iwe, watanthauzira bwino? Si zofunika? Auze kuti ngati anali mlongo wake, mfumuyo ndi malume, ndipo ufumu unagwera m'nyumba mwawo. Ngati anali mwana wake, palibe chawo. Mwana wa mfumu ndi wa kwa mayi ake."

Mwana wanga anayesetsa kufotokoza. Asewere anayankha kuti mlongo kapena mwana, onse ndi akazi, n'chimodzimodzi. Apo achimwene anavula chipewa, natsika nawonso n'kugwada pamphasa, munthu amene sagwada ngakhale m'tchalitchi chifukwa cha msana. Anatolera timbatata tonse tija, napukuta fumbi, n'kutindanda pakati, zazikulu zija n'kuzikankhira m'mbali. Analoza kamodzi n'kufunsa kuti mayi ake anali ndani. Asewere sankadziwa. Kena? Osadziwa. Ena mwa akaziwo ngakhale mayina awo anatayika.

Achimwene anandiyang'ana. "Achemwali, anthu awa akhala zaka chikwi akusunga mayina a akamwini."

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo mpongozi wanga, amene amamva Chichewa pang'ono, anasekanso atabisa pakamwa. Komabe achimwene anagamula okha kuti mkaziyo anali mlongo ndithu. Anati mwana wamkazi sakanamubisa, mlongo ndiye amabisidwa, chifukwa alipo anafuna kuba ufumu. Kuyambira pamenepo anayamba kulankhula ndi asewere ataweramitsa mutu. Ine mumtima ndinati zatheka.

Asewere anabwezeretsa mbatata zawo zazikulu mwaulemu, napitiriza kutsika mpaka kumapeto kwa mphasa. Anadziika okha. Pansi pawo anaika yaikulu, mwana wawo wamwamuna amene anatsala ku Jeremani. Pambali anaika kakang'ono, mpongozi wanga, n'kukasuntha kupita kumapazi a mwana wanga. Ine ndinafunsa kuti nanga mdzukulu wanga ali pati.

Nkhalamba inafufuza mumulu mpaka inapeza kakang'onong'ono kosalala. Inakayang'ana mwachikondi, ndinaona ndi maso angawa. Kenako inakanyamula ndi manja awiri, monga inaonera ife tikupatsirana zinthu, n'kukapereka kwa achimwene. Inati mwanayu ndi wanu, dzina lake ndi la bambo ake, mzere wathu umapitirira mwa mwana wanga wamwamuna.

Achimwene anaomba m'manja, nalandira. Kenako nawonso ndi manja awiri anakabweza.

"Auze kuti tathokoza ulemu wawo, koma sitingawalande mwana. Mwana ndi wa kwa mayi ake. Ife tinangopereka tambala, mwamuna chabe."

Mwana wanga anatanthauzira akuyang'ana pansi, ndipo ndikukayika ngati za tambalazo anazinena. Asewere anamwetulira, nagwira pamtima, n'kukaperekanso. Achimwene anakabwezanso. Aliyense ankaganiza kuti mnzake akungochita ulemu, ngati mmene timakanira chakudya koyamba tili ndi njala. Kambatata kanapita, kanabwera, mpaka anakaika pansi pakati pawo n'kugwirana chanza, onse akuseka, aliyense atakhutira kuti mnzake walandira.

Ine kuseka kunali kutandithera. Ndinayesa kuwerenga mwa kwathu, ndinapeza kuti mwanayo si wa aseweretu, ndi wa malemu akazi awo, amene pamphasa paja sanaikidwepo n'komwe. Ndinayesa kuwerenga mwa kwawo, ndinapeza kuti ndi wa malemu amuna anga, amene kwawo kuli kutali ndipo abale awo sanamuonepo. Kulikonse kumene ndinayambira, sankafika pa ine. Ndinamva mantha, ndipo ndinakwiya osadziwa wokwiyira.

Madzulo ake tikutsuka mbale ndinafunsa mpongozi wanga za nyumba ya miyala ija. Ndi Chichewa chake chodukaduka anandiuza kuti inagwa kalekale, kwatsala zipupa zokha, ndipo si yawonso, anthu amangopitako kukajambula. Iwo amakhala m'nyumba yalendi, pamwamba pa anthu ena. Ndinafunsa za munda. Anaseka, nati ali ndi maluwa pawindo. Za mbatata zija anati ndisadandaule, bambo ake amamukonda kwambiri mdzukuluyo, kungoti iyenso mwiniwake anakula akudziwa kuti pa mzere uja ndi wapambali. Ananena mopepuka ngati akunena za nyengo. Ine ndinalephera kumvetsa kuti mkazi anganene bwanji zotero osalira.

Alendo atapita ndinadikira sabata, kenako ndinapita kwa achimwene. Ndinawapeza akusoka thumba. Ndinayamba bwinobwino, kuti mwaona nokha mwana uja ndi wotani, ndiye mizere ya kumtunda ija.

"Achemwali, mwamva nokha ndi makutu anu," anatero. "Mwana uja kwawo kuli mapiri, nyumba za miyala, mafumu awiriawiri. Ife timupatse mizere ya mbatata? Atiseka. Komanso bambo aja mwawaona mmene amalemekezera mwambo. Tikamupatsa malo kuno adzati tikufuna kuwabera mwana."

Ndinati nyumba ija inagwa. Anati ufumu sugwa ndi zipupa. Ndinati bambo aja sanalandire mwana, amatipatsa ife. Anati umenewo ndi ulemu wa anthu akuluakulu, inu simungaudziwe. Ndinati kumeneko amawerenga kuchimuna. Anati anaona, ndipo anawakonzera pamphasa pomwe paja, nawonso anavomera. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambirenso, koma ndinapeza kuti sindikudziwa poyambira, pa mlongo uja, pa Papa, kapena pa dzanja. Mfumu imene ndinaiitana kuti indithandize ndi imene inanditsekera pakamwa.

Mvula isanagwe achimwene anabwera ndi mwana wa mng'ono wanga uja, mtsikana wabwino, wolimbikira, wa ana atatu ndi mwamuna wokonda bawo. Sindingamunenere choipa. Anandipempha kuti ndikawasonyeze malire, popeza amene ankawadziwa bwino ndi ine ndekha. Ndinapita ndi ndodo yanga. Ndinawasonyeza kuyambira pa nthochi mpaka pa mwala wa kumtunda, pamene mayi anga ankakhala akamapuma. Mtsikanayo ankazika timitengo m'mbuyo mwanga. Titafika pa mizere ija ndinaima pang'ono, achimwene anafunsa ngati mawondo avuta, ndinati inde.

Lamulungu lotsatira titachoka ku Misa, achimwene anapatukira kwathu kudzamwa thobwa. Foni inalira. Anali mwana wanga, nati pali wina amene wakhala akuyeserera mawu sabata yonse. Ndinamva kupuma, kenako kamawu kaja, kakutchula liwu lililonse palokha.

"Agogo, ndidzabwera kwathu."

"Ubwere, mayi," ndinatero. "Ubwere."

Achimwene anatsitsa kapu, napukuta pakamwa, n'kumwetulira ndi mtima wonse.

"Ndi alendo athu aja? Muwapatse moni."