Mawu a Dembo Anatsala M'kompyuta

Kawsu Manjang ankaimba kiyibodi m'maukwati a mumzinda wa Serekunda mpaka nyamakazi inamupinda zala. Zala zitakana, anachita lendi kachipinda pamwamba pa shopu ya matayala, n'kuikamo makompyuta akale atatu, n'kuyamba kuphunzitsa achinyamata kupeka nyimbo popanda kugwira choimbira chilichonse.

Anali mphunzitsi wolusa. "Iwe Dembo, ng'oma yakoyo ikutsimphina ngati bulu wa pangolo! Fufuta, uyambirenso."

"Mwakalamba, amalume," Dembo, wophunzira wake wamakani, ankayankha akuseka. "Masiku ano anthu akuvina yotsimphina yomweyo."

Koma kalasi inkangochepa. Wophunzira akajomba masiku angapo, Kawsu sankafunsanso. Ankadziwa kuti wakwera bwato lopita ku Ulaya. Ena ankatumiza zithunzi atavala majekete. Ena kunkangoti zii.

Dembo naye anapita mvula itangosiya. Bwato lake silinafike.

Tsiku lina phunziro lili mkati, mayi wina anakwera masitepe ali wefuwefu, zovala zikununkha utsi wowambira nsomba. Anali Ya Nyima, amayi ake a Dembo.

"Aphunzitsi, ndamva kuti mwana wanga ali m'makina mwanumo."

"Ndi kanyimbo chabe, mayi. Sanakamalize n'komwe."

"Tsegulani."

Kawsu anawaveka mahedifoni pamwamba pa mpango. Ng'oma inayamba, kenaka Dembo anatsokomola, n'kuimba mzere umodzi, n'kuphulika kuseka: "Ndaphonya, amalume, musandikalipire!" Basi, pomwepo.

Mayiwo sanalire. Anangoti abwereze, ndipo Kawsu anabwereza mpaka magetsi anazima.

"Munkamukalipira?" anafunsa povula mahedifoniwo.

"Tsiku ndi tsiku, mayi."

"Inenso," anatero, n'kutsika pang'onopang'ono atagwira khoma.

Ophunzira akutuluka, Sainabou anatsalira. Mtsikanayu ndiye anali ndi khutu lakuthwa kuposa onse.

"Amalume, magetsi akayaka mundiikire nyimbo zanga zonse m'foni."

Kawsu anamuyang'ana. "Zonse? Ukupita kuti?"

Sainabou anangowerama.

"Wawaona mayi aja ndi maso ako, ukufunabe madzi omwewo? Sindikupatsa. Nyimbo zako sizinapse. Ubwere Lolemba tidzakonze."

"Chabwino, amalume."

Lolemba Sainabou sanabwere. Anapita wopanda nyimbo zake, ndipo kwawo sanamvebe kanthu.

Kawsu akuphunzitsabe. Atsala ophunzira awiri, kompyuta yachitatu anaifunditsa nsalu kuopa fumbi.