Keke ya Kansingano

Pakhonde la sitolo yogulitsa utoto panali makina osokera akalekale, ndipo mwini makinawo anthu ankangowatchula kuti Mayi a Zipi. Anasoka pamenepo zaka khumi ndi ziwiri, kupinda mathalauza, kuika zigamba pa mayunifolomu, kusintha mazipi oguluka mano. Macheza sankawakonda. Akamasoka ankaluma mapini, ndipo ena ankati amachitira dala kuti asafunsidwe za amuna awo.

Amuna awowo anali dalaivala wa lole. Tsiku lina ataledzera anagunda munthu wapanjinga, munthuyo n'kufera pomwepo. Khoti linawagamula zaka zisanu ndi zinayi, ndipo anali atagwirapo zitatu. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, ankauzidwa kuti bambo ake ali pa ulendo wautali wa katundu. Mwanayu ankamutcha Kansingano, chifukwa anali wowonda ndipo mafunso ake ankabaya.

Atatsala pang'ono kukwanitsa zaka zisanu ndi zitatu, mayi ake anaganiza zomuchitira phwando, loyamba chibadwire. Mphunzitsi wina amene ankasoketsa pamenepo anawalangiza kuti, "Musamukonzere zonse inu. Mpatseni pepala alembe yekha zomwe akufuna."

Loweruka masana anamukhazika pakampando, n'kumung'ambira tsamba m'buku lolembamo miyeso. Kansingano analemba atatulutsa lilime: keke yoyera ya maluwa ofiira, mabaluni, makandulo, diresi la matumba awiri. Pa oitanidwa analemba anthu awiri okha, amayi ndi adadi.

"Nanga anzako a kusukulu?" anafunsa mayi ake.

"Sangabwere. Amati ndine mwana wa wakupha."

Mayi a Zipi anachotsa mapini pakamwa, limodzilimodzi.

"Ndikudziwa kumene ali, amayi," anatero mwanayo. "Kumpanda wautali uja wa waya pamwamba. Ndimangokusiyani muzinama, chifukwa mukamanama simulira. Mwati ndisankhe ndekha, eti? Phwando likachitikire komweko."

Mayi ake ankapita kundendeko mwezi uliwonse, akumanena kuti akukagula ulusi. Anafuna kukana, koma mawu anali atawatuluka kale. Anasoka diresi lija, keke n'kukaphikira mu uvuni wa aneba.

Lamlungu, tsiku loona akaidi, anaima pamzere maola awiri dzuwa likuswa mtengo. Maluwa a pakeke anayamba kusungunuka. Pachipata woyang'anira ndende anatenga mabaluni, makandulo ndi machesi n'kuponya m'katoni. Kenako anasolola mpeni, nayamba kubaya keke ija uku ndi uku, kufufuza ngati mwabisidwa kanthu.

"Bwana, chonde, ndi tsiku lobadwa la mwanayu," anadandaula Mayi a Zipi.

"Onse amabwera ndi nkhani, mayi. Pitani, nthawi ikutha."

Kansingano ananyamula yekha mbale ya zibenthu zija, osagwetsa msozi.

Chipinda choonerana chinali chogawidwa pakati ndi waya, chodzaza phokoso ndi fungo la thukuta. Bambo ake anatulukira atametedwa mpala, masaya atalowa, mano awiri akutsogolo palibe. Anaona akazi awo, maso n'kudutsa pa mwanayo ngati wa eni ake. Atamuzindikira anagwira waya ndi manja onse.

"Mayi a mwana, mwamubweretseranji kuno?"

"Ndasankha ndine, adadi. Lero ndi phwando langa."

Bamboyo anayesa kumuimbira, koma nyimboyo anailekera panjira. Mayi a Zipi anadutsitsa keke ija pakawindo kakang'ono. Bamboyo anadya mothamanga, mutu uli pansi, zibenthu zina akulonga m'malaya kuti akagawire anzawo a m'chipinda. Mwanayo ankangowayang'ana. Iye sanalaweko, ndipo palibe anakumbukira kumupatsa.

"Adadi, munthu munamugunda uja anali ndi mwana?"

Bamboyo anasiya kutafuna. Anayang'ana akazi awo, akazi awo n'kuyang'ana pansi.

"Anali nawo awiri, mwanawe."

"Aang'ono ngati ine?"

"Mmodzi anali wofanana nawe."

Belu linalira, akaidi n'kuyamba kukankhidwira mkati. Bamboyo anatembenuka kawiri asanalowe, pachibwano pali zoyera za keke.

M'basi Kansingano anaika mbale yopanda kanthu pamiyendo. Atayandikira kwawo anafunsa kuti bambo ake akamadzatuluka iye adzakhala ndi zaka zingati.

"Khumi ndi zinayi," anayankha mayi ake.

"Ndiye tizibwera tonse, angadzandiiwalenso."

Kuyambira pamenepo, Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse ankaima awiri pamzere uja. Kansingano anaphunzira kuvula nsapato pachipata asanauzidwe, ndiponso kukuwa kuti mawu ake apose phokoso la m'chipindamo. Mayi a Zipi ankamuona akukula pamzerepo, ndipo mpaka lero sadziwa ngati anamuchitira zabwino.