Timiyala M'chitini

Kuseri kwa msika, pomwe msewu wa tala umathera, pali galaja ya malata ya munthu amene aliyense amamutchula kuti a Khutu. Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso basi. Ndi makaniko wamfupi, wadazi, wa zikhadabo zakuda zomwe sopo anazilephera kalekale. Masiku awo abwino chida chawo chachikulu chinali sukudiraiva yaitali ngati mkono. Galimoto ikabwera ikudwala, ankagunditsa nsonga yake pa injini, chigwiriro n'kuchikanikiza kukhutu, n'kutsinzina. Pakapita mphindi imodzi ankatchula matenda: valavu yachiwiri, kapena bering'i, kapena kuti galimoto ili bwinobwino, wodwala ndi dalaivala. Zaka makumi atatu sanaphonyepo, ndipo ngakhale amakaniko a makompyuta a kumsewu waukulu ankawatumizira mozemba zomwe zawakanika.

Malemu akazi awo ankakonda kunena kuti bambowa amamva injini ikutsokomola kutsidya kwa msewu, koma samva mkazi akuwaitana pakhonde. Nthabwalayi inadzasanduka zoona mayiwo atapita kale. Zinayamba ndi mbalame. Tsiku lina anangozindikira kuti papita miyezi osamva timba padenga. Kenako sipanala ikagwa pa simenti inkangoti phu m'malo moti ngwe. Mawu okhuthala ankawamvabe, koma opyapyala onse anathawa n'kuwasiyira kamluzu kosatha m'mutu. Anachita mantha kwambiri, ndipo sanauze munthu. Makaniko wina akagontha amadyabe ndi maso ake, nanga Khutu akagontha patsala chiyani? Anaphunzira kuwerenga milomo ya anthu, ndipo milomoyo ikawalaka ankangogwedeza mutu n'kunena kuti eya, eya. Zoti mbewa ya manyazi inafera kuuna ankazidziwa bwino, ankauzanso ena.

Mwana anali ndi mmodzi yekha, wamkazi. Ankamutcha Teni chifukwa ali wamng'ono anali ngati sipanala ya nambala teni: kochepa, kofunika, koma ukakafuna sikaoneka. Anakulira m'galajamo, ndipo bambo ake anayamba kumuika sukudiraiva kukhutu asanayambe n'komwe sukulu. Pa nthawi ya nkhaniyi anali mayi wa ana awiri, telala, wokwatiwa ndi mwamuna wofatsa amene ankapakira njerwa m'malole a eni ake ku uvuni wa kuchigwa.

Mkamwiniyu anasiyiridwa galimoto ndi malemu mkulu wake, kagalimoto kakale ka zitseko zinayi ndi injini ya masilinda anayi. Anabwera kwa apongozi ake chipewa chili m'manja, n'kupempha kuti aidule kumbuyo ikhale pikapu. Ankafuna asiye kupakirira ena, azinyamula yekha njerwa kupita kumtunda komwe anthu ankamanga, poti msana wake unali utayamba kale kudandaula. Kudula, kuwotcherera bodi ndi kuwonjezera masipuling'i kunatenga milungu itatu, ndipo zinayenda bwino. Vuto linali chitunda. Pakati pa uvuni ndi kumtundako panali chitunda chachitali chokhota kawiri, ndipo kainjini kopangidwira bwana ndi chikwama chake kakanafika pakati n'kupempha madzi.

A Khutu anati mphamvu aipeza. Anatsitsa hedi, chivundikiro cha masilinda chija, n'kukaipalitsa kuti mpweya ndi petulo zizipanikizika kwambiri. Anasalaza njira za mpweya, anaika ekizozi yotakata, anatsuka kabuleta mpaka kuwala. Zonsezi ndi ntchito ya maso ndi manja, ndipo anaigwira mokoma. Chotsala chinali taimingi, nthawi yomwe moto wa pulagi umayakira, ndipo imeneyi moyo wawo wonse ankaitchera ndi khutu. Njira yake ndi yosavuta. Umapotoza disitiribyuta, kachida kogawira moto kumapulagi, pang'ono kuti moto uzifulumira, n'kukwera chitunda ndi katundu. Mphamvu ikawonjezeka umapotozanso, mpaka injini itayamba kulira ngati timiyala m'chitini. Ukamva timiyalato ndiye kuti wadumpha malire, umabwezako pang'ono n'kumanga. Ukapanda kubweza, moto umadya pisitoni. Koma kulira kwa timiyala n'kopyapyala, n'kwa mtundu wa timba uja.

Iwo ankadziwa zimenezi kuposa wina aliyense. Tsiku lina ananyamuka kuti akabwereke tochi yotchera taimingi kwa amakaniko a makompyuta aja, mpaka anafika pageti. Ataganiza kuti mawa msika wonse udzakhala ukufunsana chomwe Khutu akufunira tochi, anapitirira ngati akukagula sopo. Pobwerera ankadzinyengerera kuti galu wamkota sakandira pachabe, chomwe khutu liphonye phazi lidzachimva pansi pa galimoto.

Loweruka m'mawa anapakira njerwa mazana awiri kuti akayese. Mkamwini anagwira chiwongolero, a Khutu anakhala kukhomo, Teni pakati, chifukwa anati zoterezi sangazimvere kwa anthu. Ulendo woyamba pikapu inakwera ndi giya wani, ikuwefuka. A Khutu anatsika n'kupotoza. Wachiwiri inakwera ndi giya thu. Anapotozanso. Wachitatu inadutsa pokhota poyamba ikukoka ngati ng'ombe, mkamwini mano onse ali pamtunda. A Khutu anatchera khutu mpaka khosi kuuma, koma ankangomva kugunda kokhuthala ndi kamluzu kawo kaja. Teni anawagwira pamkono n'kunena kanthu. Galimoto inkadumpha, milomo sinawerengeke.

"Eya, eya," anatero a Khutu. "Ikukoka."

Teni anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anabweza maso kumsewu. Atafika pamwamba, poti timiyala sanatimve, a Khutu anawonjezanso pang'ono n'kumanga bawuti. Mkamwini atagwada n'kuwathokoza anayankha monga mwa kale, kuti injini ili ngati mwana, imanena yokha chomwe ikufuna.

Lolemba mkamwini anatsanzika ntchito ku uvuni. Pikapu inakwera ndi kutsika chitunda masiku khumi ndi limodzi. Tsiku lotsatira masana inafika pagalaja ikukokedwa ndi chingwe kumbuyo kwa lole ya abwana akale a mkamwini, oyilo ali mbwee pansi pa boneti. Mkamwini anafotokoza ndi manja kuti pokhota pachiwiri inangophulika kamodzi, utsi n'kuphimba msewu. Anatumiza uthenga kwa mkazi wake, ndipo Teni anabwera tepi yoyezera zovala ikadali m'khosi.

A Khutu anamasula hedi okha, awiriwo ataima kumbuyo kwawo. Pisitoni yachitatu inali ndi bowo lolowa chala chachikulu, m'mbali mwake mosungunuka ngati kandulo, ndipo zidutswa zake zinali zitakanda silinda mpaka pansi. Injini inali itatha. Akanatha kunamizira petulo woipa kapena phazi lolemera la dalaivala, ndipo mkamwiniyo, mmene analili wofatsa, akanapepesa ndithu. Bodzalo linafika pakamwa. Koma bowo lotere analiona kambirimbiri pa ntchito za ena, ndipo ankalionetsa kwa anthu akuseka kuti wotchera injiniyo makutu anasiya kunyumba.

"Kodi inkalira timiyala?" anafunsa, maso ali pa pisitoni.

Kunali zii. Kenako anaona mapazi a Teni akuzungulira galimoto, mpaka anadzaima patsogolo pawo penipeni, pomwe kuwala kwa pakhomo kunamugwera kumaso. Anayankhula pang'onopang'ono, akutsegula pakamwa bwinobwino, monga momwe anthu amayankhulira ndi gonthi.

"Ndakuyankhani kale, bambo, ndili kumbuyo kwanuko. Inkalira. Pachitunda paja ndinakuuzani, inu munati eya. Lachitatu ndinabweranso kudzakuuzani muli pansi pa galimoto ina, simunandiyankhe. Ndinkaganiza kuti mwakwiya poti mwana akuphunzitsa bambo ake ntchito."

"Ndiye iwe unatimva."

"Munandiphunzitsa ndinu." Misozi inali italengeza. "Zayamba liti?"

"Chaka chachiwiri chino."

Mkamwini anayang'ana pansi. Nayenso kulirako ankakumva tsiku ndi tsiku, koma apongozi atanena kuti ili bwino, iye anali ndani? A Khutu analakalaka mwamunayo akanawatukwana, kukanakhala kopepuka. Iye anangomasula chingwe, n'kuchipinda bwinobwino, n'kukabweza kwa eni lole.

Atabwerera ku uvuni anapeza malo ake atatenga wina, ndiye abwana anamupatsa wilibala yotutira njerwa zotentha kuchokera pamoto. Masiku ano amayenda atagwira m'chiuno ngati nkhalamba. Pikapu ili kuseri kwa galaja, utoto wake ukadali watsopano, matayala anaphwa. Teni amabwera Lamlungu ndi ana, ndipo amawauza kuti akamayankhula ndi agogo aziima kutsogolo.

A Khutu amatsegulabe galaja m'mawa uliwonse. Amasintha mabuleki ndi matayala, ndipo wobwera ndi injini yodwala amamuuza kuti ntchito yachuluka, apite kumsewu waukulu. Sukudiraiva yaitali ija amatsegulira zitini za girisi. Teni ndi mwamuna wake sanauze munthu aliyense, ndiye odutsa amawakuwirabe dzina lija kuchokera mumsewu, ndipo akaona kuti sakutembenuka amati mdalayu wayamba kunyada.