Yankho la a Shuanlao

A Tong Shuanlao, amene tinawaika m'manda chaka chino titatha kuthyola tsabola, anali ang'ono awo a apongozi anga aamuna. Pamene ndinkakwatiwa m'mudzi muno n'kuti iwo imvi zitayamba kale, ndipo analibe mkazi. Ankasamala mitengo yawo yaminga ya tsabola kumtunda, ndipo m'mawa uliwonse ankasesa kachisi wa makolo, momwe muli chithunzi cha Mlembi, kholo lathu limene linalemba mbiri ya mafumu zaka zikwi ziwiri zapitazo.

Alendo amabwera pa mabasi kudzaona manda a Mlembi paphiri loyang'ana Mtsinje Wachikasu, ndipo ana asukulu amaloweza mawu ake. Ife a m'mudzi anatisiyira china. Akuluakulu amati mfumu itamukwiyira, ana ake anathawira kuno n'kusintha chiwongo, wina kukhala Tong, wina Feng. N'chifukwa chake a Tong ndi a Feng sakwatirana.

Ali mnyamata, a Shuanlao anakonda mtsikana wotchedwa Feng Qiaoe. Akuluakulu anawaitanira kukachisi n'kuwafunsa ngati munthu amakwatira mlongo wake. Qiaoe anakakwatiwa kutsidya kwa mtsinje, ndipo anamwalira komweko. Izi ndinazimva kwa malemu amuna anga, kamodzi kokha.

Ine ndimakafukiza lubani kukachisiko kawiri pamwezi. Ndinkawapeza atakhala pakhomo, tsache lili pamiyendo. Tinkangopatsana moni. Nthawi zina ndinkawasiyira mabanzi awiri otentha.

Chaka chatha mwana wanga Yaling, amene amagwira ntchito ku Xi'an, anandiimbira foni.

"Amayi, khalani kaye pansi. Ndapeza mwamuna. Ndi Haitao, mwana wa a Feng ogulitsa viniga aja."

"Iwe! Ameneyo ndi mlongo wako!"

"Mlongo wanga wa zaka zikwi ziwiri zapitazo? Amayi inu!" Anaseka mpaka kutsokomola.

Bambo ake kulibe, ndipo wamkulu wotsala kwa a Tong anali a Shuanlao. Ine ndinkakhulupirira kuti iwo akakana, ukwati palibe. Ndinapita, ndikudziwa bwino munthu amene ndinkakamupempha.

"Bambo aang'ono, ndabwera ndi mlandu."

Anamvetsera akuyang'ana manja awo, amene minga ya tsabola inawasiyira zipsera zokhazokha.

"Amake Yaling, mwasankhadi munthu," anatero. "Mukufunsa njira kwa munthu amene sanatulukepo m'mudzi. Ndipatseni mpaka tsiku losesa manda."

Panali masabata atatu kuti lifike tsikulo, limene chaka chilichonse timasesa manda a makolo. M'masabatawo anaonda. Tsiku lina kachisi sanasesedwe. Anthu anawaona akukwera basi yopita kutsidya, ndipo anabwerako madzulo mawondo ali ndi dothi. Palibe anawafunsa. Kenako anagula pepala lofiira ndi inki. Sukulu sanapite nayo patali, choncho ankalemba pang'onopang'ono, akung'amba n'kuyambiranso.

Tsiku losesa manda mudzi unadzaza. A Tong ndi a Feng anagwada pamodzi pamaso pa Mlembi monga mwa chaka chilichonse. Mwambo utatha, Yaling anakoka Haitao padzanja mpaka pamene panaima a Shuanlao. Anawapatsa chitini cha tiyi, kenako anatulutsa kabuku kofiira ka boma.

"Agogo, onani. Tinalembetsa kale ukwati mu Januwale. Phwando lidzakhala kuhotela ku Xi'an. Mubwere, tidzakutumizirani galimoto."

Ngakhale ine sindinkadziwa. Ndinayang'ana akuluakulu, kudikira kuti wina akalipe. A Feng Gensuo, bambo ake aakulu a mnyamatayo, anangomenya ntchafu.

"Ana a masiku ano! Nanga kuhotelako kukhala nyama ya nkhosa? Ine mano atsala anayi, muwauze aphike yofewa!"

Anthu anaseka. Dzanja la a Shuanlao linali m'thumba la jekete. Analitulutsa lopanda kanthu.

"Zili bwino, ana anga," anatero.

Anthu atapita kukadya, ine ndinatsala kuwola phulusa la lubani. Iwo anabwera n'kundipatsa pepala lopinda.

"Werengani, amake Yaling. Munthu mmodzi awerengeko."

Analemba kuti iwo, wamkulu wa a Tong, pamaso pa Mlembi, akuloleza ana awiriwa kukwatirana, ndipo ngati pali mlandu ugwere iwo okha, popeza alibe mwana woti angaulandire.

"Ndikawapatse?"

"Ayi. Sanafunse."

"Nanga ndichite nalo chiyani?"

"Liotcheni pamodzi ndi mapepala amene timaotchera makolo. Mwina kumeneko alipo amene angafune kuliwerenga."

Ndinaliika pamoto. Anaima kumbuyo kwanga mpaka linapsa lonse, kenako anapita kwawo kukadziphikira.