Chipolopolo Chokana Kulira

Bambo okalamba okonza mfuti m'tauni ya Herstal sakhulupirira chinthu chatsopano. Amapala dzimbiri uku akung'ung'udza, magalasi ali pamphuno. "Za masiku ano n'zidole," amatero.

Nyengo yonse yozizira anapukuta kamfuti kawo ka m'thumba mpaka kanawala, n'kupita kukakayesa kubwalo lowomberako ndi zipolopolo zaliwiro za pa unyamata wawo. Choyamba chinakana kulira. Chikatero sutsitsa mkono msanga, poti chimatha kuphulika mochedwa. Anadikira atalozetsabe mfuti, mkono ukunjenjemera poyera, matenda omwe akhala akubisa poopa kulandidwa chilolezo cha mfuti.

"Tsitsani, bambo, chafa chimenecho," anatero Odile, woyang'anira bwalolo.

"Tachipatsani mpata, mayi," anayankha motopa. "Ine ndi chipolopolochi ndife a msinkhu umodzi. Nanenso masiku ano sindidzuka msanga."