Madiripi a Chaka cha Kolera

Ku Chiringa, ukafunsa za a Zelifa Muhiwa, anthu amayamba aseka kenako n'kukuuza kuti anali anamwino aatali aja, amene mawu awo ankafika kumsika iwo ali m'wodi. Anakulira kufupi ndi Fort Lister, m'banja lolima chinangwa, ndipo unamwino anaulowera chifukwa chosilira yunifolomu yoyera. Iwo eni sankabisa zimenezi. Ntchitoyo anachita kuikondera m'kati.

Dzinja la 2002 kolera anavuta m'chigwa chonse cha Phalombe. Pa kachipatala kamene a Zelifa ankagwirapo ntchito, odwala anadzaza mpaka pakhonde, madiripi atapachikidwa pamisomali. Ambiri ankachira. Koma panabuka zachilendo: munthu kutsekula m'mimba kwasiya, wayamba kupempha phala, mwadzidzidzi thupi latentha, akunjenjemera mpaka bedi kulira. Akamuyeza malungo, osapezeka.

Zinawagweranso mayi Belita, ogulitsa mpunga, amene ngakhale pa diripi sankasiya macheza. Tsiku limenelo anangoti zii, mano akugundana. A Zelifa mtima unawawawa, poti dzulo lake mkulu wina anali atamwalira m'njira yomweyo.

Anakhala pansi ndi a Goliati, dokotala wa pamalopo, n'kuyamba kukumbutsana odwala onse amene ananjenjemera. Chakudya ankadya chosiyana, midzi yosiyana, zitsime zosiyana. Chofanana chinali chimodzi: onse analandira madzi a diripi a m'makatoni amene anali atangofika kumene. A Zelifa anatenga botolo limodzi n'kuliyang'ana padzuwa. M'malo mwa kuyera mbee, madziwo anali ndi kachifunga.

"Tisiye kugwiritsa ntchito makatoni amenewa," anatero a Goliati. "Koma popanda umboni wa kulabotale, palibe amene atimvere."

Ambulansi inali itatitimira m'matope kwina kwake. Choncho a Zelifa anatenga magazi a odwalawo ndi mabotolo angapo osatsegula, anawalongedza m'kabokosi, n'kukwera matola. Njira yonse anafukata kabokosiko ngati khanda, akukalipira aliyense wofuna kukakhalira. Bambo wina atafunsa kuti muli chiyani, anamuyankha kuti muli magazi a anthu. Kuchokera pamenepo malo anapezeka ambiri.

Ku Blantyre, a kulabotale anapeza kuti tizilombo ta m'magazimo n'tomwe tinali m'mabotolo muja. Tizilomboti tinalowa m'madziwo mabotolowo asanatsekedwe n'komwe kufakitale. A Zelifa anafotokoza zonse kwa akuluakulu a zaumoyo, osasiyako kanthu, ngakhale za mkulu womwalira uja. Uthenga unapita pa wailesi ya zipatala kuti aliyense amene ali ndi makatoni a mtundu umenewo awaike padera, ndipo zinadziwika kuti kwinanso anthu anali akunjenjemera chimodzimodzi, madokotala akungoganizira malungo.

A Zelifa anabwerera ndi mankhwala oyenera ndi madiripi ena. Mayi Belita anachira, ndipo chizindikiro choyamba chinali chakuti anayamba kudandaula za mchere wa m'ndiwo za chipatala.

A Zelifa anagwirabe ntchito pamalopo mpaka kupuma, n'kuyamba kulima nandolo. Nkhani imeneyi saikamba kawirikawiri. Amene amaikamba ndi mayi Belita, pamsika, kwa aliyense wogula mpunga: amati magazi awo anakafika ku Blantyre pa matola, iwo eni mpaka lero sanapondeko.