Timapepala Tisanu m'Nsapato ya Estere

Ndinalakwira mdzukulu wanga pamodzi ndi mphunzitsi wake, ndipo palibe amene anandituma. Ndikulemba izi kuti inu amene mukulera ana amasiye musachite zimene ndinachita ine.

Ndinathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo mpaka msana unakana dengu. Kumalayini, kunyumba za antchito, ndinaphunzirako chinthu chimodzi: wokupatsa chakudya ayambe walawa yekha. Mwana wanga wamkazi anamwalira atadwala nthawi yaitali. Achipatala ananena zawo, koma ine mumtima ndinkati wina anamuthirira. Anandisiyira Estere, ndipo diso langa silinkachoka pa iye. Akapita kotunga madzi, ine ndinkapita m'chikwama chake cha kusukulu.

Estere ali Folomu 3, tsiku lina Loweruka m'mawa ndikusesa, ndinapeza timapepala tisanu topindapinda m'nsapato yake ya kutchalitchi. Kalikonse kanali ndi chilembo pamwamba, mkati muli ufa woyera. Estere atabwera ndinamuyalira pamphasa.

Mwanayo anafotokoza bwinobwino. Anati aphunzitsi a sayansi, a Mhango, anasankha atsikana atatu oti akaimire sukulu pa mpikisano ku Boma. Kumeneko akawapatsa maufa osadziwika kuti atchule dzina la uliwonse, pogwiritsa ntchito madzi, moto ndi timadontho tina. Awa anali oyeserera kunyumba. Anabisa m'nsapato chifukwa ankadziwa kuti chilichonse chimene sindikuchidziwa ndimakataya kuchimbudzi.

Inu owerenga, ine zonsezi sindinazimve. Ndinangomva kuti mwamuna, mlendo wochokera kumpoto, wapatsa mtsikana ufa wobisa. Ndinamuuza Estere kuti ngati si mankhwala alawe. Anakana, nkunena kuti lamulo loyamba la mpikisanowo ndi kusalawa. Kukanako ndiye kunanditsimikizira.

Ndinamanga timapepalato pansonga ya chitenje, ulendo kunyumba za aphunzitsi. Ndinawapeza a Mhango akukonza njinga pakhonde. Amayi angapo opita kumsika anaima pamsewu, ndipo sindinatsitse mawu. Ndinati kwathu kuno wopatsa ndiye amayamba kulawa.

Bambo aja sanakwiye. Anapukuta manja, nkulawa kapepala koyamba: mchere. Kachiwiri shuga, kachitatu soda, kachinayi ufa wa chinangwa. Atafika pa kachisanu anakapindanso.

"Mayi, uyu ndi laimu wopakira nyumba, amawotcha m'kamwa. Nchifukwa chake ana timawaletsa kulawa."

Ine ndinatembenukira amayi aja nkunena kuti, "Mwaonatu." Mawu anga anali omwewo basi, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikudziona ngati ndapulumutsa mwana.

Pofika Lolemba, pasikelo poyezera tiyi nkhani inali itakula. Ena ankati mphunzitsi amadyetsa atsikana mankhwala achikondi, ena ankati ndi ochotsera mimba. Makolo a atsikana awiri aja anawaletsa ana awo. Komiti ya sukulu inawaitana a Mhango, sinawapeze ndi mlandu, koma ahedi anati za mpikisano zilekeke kuti fumbi litsike. Teremu itatha, a Mhango anapempha kusamuka. Sukulu inakhala nthawi yaitali yopanda mphunzitsi wa sayansi.

Estere sanandichitire mwano. Ankaphika, ankachapa, ankandiyankha kuti "chabwino agogo", koma kuseka kunatha m'nyumba. Tsiku limene anzake a sukulu zina ankapikisana ku Boma, iye anakhala akupalira chinangwa mpaka dzuwa kupendeka.

Patapita masabata, ndikuphika therere masana, anandipempha timapepala tija. Ndinali nditatisunga m'chitini ngati umboni. Anathira pang'onopang'ono m'mbale, nkufinyira ndimu pa ufa umodzi. Unachita thovu. Anadonthezera wina ayodini wa pabala, ufawo unada bii. Ufa wina anauika pasupuni pamakala, unasungunuka nkununkha ngati switi. Ndinaona kuti mwanayu akanapambana.

Ndisanazindikire ndinali nditatsina ufa wina ndi zala. Unalira tsiritsiri, ndipo ndinati uwu ndi wa chinangwa, ngakhale wakhungu angaudziwe. Wachisanu ndinangouona mmene unayeretsera madzi, ndinadziwa kuti ndi laimu yemwe tinkapaka nyumba ya akapitawo Khirisimasi ikayandikira.

Estere anandiyang'ana nkunena motsitsa kuti, "Zimenezo ndi zomwe ndinkafuna mundiphunzitse, agogo. Koma ndikanakuyambani bwanji?"

Therere linapserera ndili chikhalire. Zinthu zisanu zonsezo ndakhala nazo m'manja moyo wanga wonse. Ndikanangomuuza kuti andionetse, bwenzi ndili mmodzi wa omukonzekeretsa.

Sindinama kuti ndinasintha kotheratu. Mpaka lero thobwa la pamaliro sindimwa, ndipo mwamuna akaima nthawi yaitali pafupi ndi mpanda wanga ndimatuluka ndi tsache. Kuchenjera sikolakwika, ana aakazi amafunika diso. Koma inu owerenga, mukapeza chinthu chachilendo kwa mwana wa sukulu, khalani naye pansi akuonetseni ntchito yake. Ngati mtima ukukayikabe, pitani kwa ahedi mukalankhule chitseko chili chotseka. Musaitane anthu a pamsewu kuti akhale mboni ya chinthu chimene inuyo simunachimvetse, chifukwa mawu akafika pasikelo mwini wake simukhalanso inu.

A Mhango ndinawafunsafunsa kwa aphunzitsi anzawo, wina amati ali ku Mulanje, wina amati anabwerera kwawo. Sindinawapeze. Kapepala kachisanu kaja kadakali m'chitini, ndipo pepani wanga ndidakali naye.